Aleke Banda ndi Nyuzipepala Zake Ziwiri

Munthu woyenda pamsewu wa m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Nkhotakota kulowera kumpoto, akadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ndi kutuluka m'boma la Nkhotakota cha ku Dwambazi, sayenda mtunda wautali asanafike pa Tukombo. Kumeneku ndiye kwawo kwa malemu Aleke Kadonaphani Banda. Anthu ambiri amawakumbukira bambowa ngati nduna, ndipo n'zoona kuti anakhalapo nduna m'boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda ndiponso m'boma la a Bakili Muluzi. Komatu ntchito imene anayamba nayo ali mnyamata, imenenso anaibwerera atatuluka m'ndende ali wachikulire, inali ya utolankhani. Mwa nyuzipepala zikuluzikulu zimene timawerenga m'dziko muno, ziwiri anaziyambitsa ndi iwo: Malawi News m'chaka cha 1959 ndi The Nation m'chaka cha 1993. Pakati pa nyuzipepala ziwirizi panapita zaka 34, ndipo zaka 12 mwa zimenezi a Aleke anali m'ndende ya boma lomwelo limene nyuzipepala yawo yoyamba inathandiza kuimika.

Tinene pano kuti a Aleke ndi Dr. Banda sanali pachibale. Wina anali Mtonga wa m'boma la Nkhata Bay, wina Mchewa wa ku Kasungu, anangofanana mfunda.

A Aleke anabadwa pa 19 Sepitembala, 1939, ku Livingstone m'dziko la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia. Anakulira ku Southern Rhodesia, pa mgodi wina wa kufupi ndi tawuni ya Que Que, imene tsopano imatchedwa Kwekwe. Zimenezi sizinali zachilendo kwa mwana wa kunyanja. Atonga anali m'gulu la anthu oyambirira kuphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene inakhazikika pa Bandawe m'chaka cha 1881, koma kwawoko kunalibe ntchito zoyenera maphunziro awo. Tsono amuna ambiri ankapita ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni kukakhala makalaliki, akapitawo ndi amisiri. Ena ankabwerako ndi masutikesi ndi njinga, ena ankatchona. Ana obadwira kumeneko ankangomva za Nyasaland m'kamwa mwa makolo awo, ndipo a Aleke anali mmodzi wa ana oterewa.

Maphunziro awo a sekondale anachitira pa sukulu ya mishoni ya Inyati, kufupi ndi Bulawayo. Pa nthawiyo n'kuti mayiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, atamangidwa pamodzi m'Chitaganya chimene chinayamba m'chaka cha 1953, chimene anthu akuda ankadana nacho kwabasi. A Aleke analowa m'ndale za Nyasaland African Congress akadali mwana wasukulu. Chakumayambiriro kwa 1959, maboma a atsamunda analengeza lamulo la Emejensi, poyamba ku Southern Rhodesia m'mwezi wa Febuluwale, kenaka ku Nyasaland pa 3 Malichi. Tsiku lomwelo la 3 Malichi asilikali anawombera ndi kupha anthu osachepera 20 pa doko la Nkhata Bay, kwawo kwa makolo a mnyamatayu. Dr. Banda ndi atsogoleri anzake anawatumiza kundende ya Gwelo. A Aleke nawo anamangidwa, nakatsekeredwa kundende ya Khami, ndipo pambuyo pake anathamangitsidwa m'dzikomo n'kutumizidwa ku Nyasaland. Atsamunda ankati akumubweza kwawo, chonsecho mnyamatayo, amene anali ndi zaka 19, ankabwera kudzakhala m'dziko limene sanakuliremo.

Kuti timvetse kukula kwa ntchito imene a Aleke anagwira atafika ku Blantyre, tiyenera kuona mmene nyuzipepala zinalili masiku amenewo. Nyuzipepala yaikulu inali Nyasaland Times, imene inayamba m'chaka cha 1895 ndi dzina loti Central African Planter. Monga dzina loyambalo likunenera, imeneyi inali ya Azungu a minda ya khofi, fodya ndi tiyi, ndipo inkalemba zokomera iwowo ndi Chitaganya. Mamishoni anali ndi timanyuzipepala tawo, monga Mthenga wa ku Nkhoma, koma nkhani zake zambiri zinali za mpingo ndi za sukulu. Boma linali ndi Msimbi, wolembedwa m'zinenero zathu, amene ntchito yake inali kufotokozera anthu zofuna za Bwanamkubwa. Kongilesi inayesapo kutulutsa kapepala kake kotchedwa Kwacha, koma chipanicho chitaletsedwa m'mwezi wa Malichi 1959, mawu akenso anazima. Kunena mwachidule, munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mulanje wofuna kudziwa kumene kunali atsogoleri ake, ankayenera kumva kuchokera kwa anthu omwewo amene anawamanga.

A Aleke anayamba ndi mabungwe a anthu apantchito, amene lamulo la Emejensi silinawatsekeretu. Anakhala mkonzi wa kapepala kotchedwa Mtendere pa Nchito. Dzinalo linali lofatsa, loti wapolisi sakanalikayikira msanga, koma m'kati mwake munali nkhani za ndale. Kenaka pa 30 Sepitembala, 1959, iwo pamodzi ndi a Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa m'dziko muno, amenenso anali ochokera ku Nkhata Bay, ndi anzawo ena anakhazikitsa chipani cha Malawi Congress Party kuti chilowe m'malo mwa Kongilesi yoletsedwa ija. A Chirwa anakhala mtsogoleri wongogwirizira mpando podikira Dr. Banda, ndipo a Aleke anakhala mlembi wamkulu, atangokwanitsa zaka 20 masiku 11 apitawo. Chaka chisanathe, anayambitsa Malawi News ngati nyuzipepala ya chipanicho.

Tisaganize za Malawi News ya masiku amenewo ngati nyuzipepala ya masamba ambiri ndi zithunzi imene timaidziwa lero. Poyamba inali mapepala ochepa chabe. Nkhani ankazitayipa pa sitensulo, n'kumapukusa pamakina a pamanja pepala limodzilimodzi. Mphamvu yake inali pa njira imene inkayendamo. Nthambi za chipani ndizo zinkaimwaza m'maboma, ndipo popeza odziwa kuwerenga anali ochepa, pepala limodzi linkakwanira anthu ambiri: mphunzitsi kapena kalaliki ankawerenga mokweza, enawo ali tcheru. Inkalembedwa m'Chingerezi ndi m'zinenero za m'dziko muno. Inkauza anthu kuti omangidwa aja akadali moyo ndipo sanagonje, inkalengeza misonkhano, inkatsutsa Chitaganya poyera. Ngakhale dzina lakelo linali uthenga paokha, pakuti pa nthawi imene mapu onse ankati dziko lino ndi Nyasaland, nyuzipepalayi inkazoloweretsa maso a anthu kuona dzina loti Malawi litalembedwa pamwamba pa tsamba. Pa zimenezi a Aleke ndi oyenera kuyamikidwa popanda kukayika. Dr. Banda atatulutsidwa m'ndende pa 1 Epulo, 1960, anapeza chipani chamoyo, chokhala ndi nthambi ndi pakamwa pake.

Tsopano tibwerere ku Nkhotakota, pakuti kumeneko ndiko kunachitikira zinthu zimene zinakhota moyo wa a Aleke ndi wa nyuzipepala yawo. Chakumapeto kwa Sepitembala 1960, chipani cha Malawi Congress chinachititsa msonkhano wake waukulu m'tawuni yakale ya a Jumbe imeneyi, imene Azungu ankailemba kuti Kota Kota. Masiku omwewo boma linamasula atsogoleri otsiriza amene anali akadali m'ndende, mwa iwo a Henry Masauko Chipembere ndi abale awiri aja, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza, ndipo anafika kumsonkhanoko n'kuonekera pamaso pa khamu la anthu. Chinali chisangalalo chosaneneka. M'chisangalalo chomwecho nthumwi zinagwirizana kuti Dr. Banda akhale mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Maudindo anagawidwa mwatsopano: a Dunduzu Chisiza anakhala mlembi wamkulu, a Chipembere msungichuma. A Aleke, amene anasunga mpando wa ulembi m'nyengo yovutayo, anausiya, ndipo ntchito yawo yaikulu inakhala ya nyuzipepala ndi kampani yoisindikiza ya Malawi Press.

Anthu amene anali pa Nkhotakota anali ndi zifukwa zawo. Chitaganya chinali chisanathe, adani anali ambiri, ndipo ankaona kuti popanda mtsogoleri mmodzi womveredwa ndi onse, atsamunda akanawagawa. Koma taganizirani tanthauzo la zimenezi kwa mkonzi wa nyuzipepala ya chipani. Mkonzi wotere salemba zosemphana ndi chipani chake. Ndipo chipanicho chikapereka mphamvu zonse kwa munthu mmodzi kwa moyo wake wonse, ndiye kuti nyuzipepalayo yasanduka pakamwa pa munthu ameneyo. Malawi News inabadwa kuti inene zimene olamula sankafuna kuti zinenedwe. Kuchokera pa msonkhano wa ku Nkhotakota, inalowa njira yonena zokhazo zimene wolamula watsopano ankafuna.

Zizindikiro zinaoneka msanga. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho, a Chester Katsonga atayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, Malawi News inawaukira ndi mawu aukali, ndipo inaukiranso Arkiepiskopi John Baptist Theunissen wa mpingo wa Katolika ku Blantyre, pomuganizira kuti ndiye anali kumbuyo kwa chipanicho. Pasanapite nthawi nyumba ya a Katsonga inatenthedwa ndi gulu la anthu. Sitinganene kuti nyuzipepala ndiyo inayatsa motowo, koma m'dziko limene mawu osindikizidwa ankalemekezedwa pafupifupi ngati a m'Buku Loyera, kutchula munthu kuti ndi wogulitsa mtundu kunali kumuika pangozi. Aliyense wosagwirizana ndi chipani ankapatsidwa dzina lonyoza lakuti Kapirikoni, ndipo dzinali linkamutsata kumsika, kutchalitchi ndi kumaliro komwe.

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi, 1964, chida chomwechi chinatembenukira eni ake. Patangopita miyezi iwiri, nduna zinasemphana ndi Dr. Banda pa nkhani zingapo: ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ndi tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira kuchipatala. A Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. A Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo awo. A Aleke anaima mbali ya Dr. Banda. Pa nthawiyi n'kuti ali ndi mphamvu zodabwitsa kwa munthu wa zaka 25: ankayang'anira Malawi News, anali mkulu wa wailesi ya Malawi Broadcasting Corporation kuyambira 1964 mpaka 1966, komanso anali mtsogoleri wa gulu la Apayoniya. Nyuzipepala ndi wailesi zinawatcha anthu ogalukira boma anduna aja, amene zaka zinayi zokha zapitazo ankaimbiridwa nthungululu. Mbali yawo ya nkhaniyo sinapatsidwe malo, ndipo ambiri a iwo anathawira kunja. Wolemba mbiri ya a Aleke sangalumphe ndimeyi. Munthu amene anayambitsa naye chipani, Orton Chirwa, anali mmodzi wa onyozedwawo.

Zaka zotsatira zinali za kukwera. M'chaka cha 1966 a Aleke anakhala nduna ndipo anabwereranso pa ulembi waukulu wa chipani. Kuyambira 1969 mpaka 1972 anali nduna ya zachuma. Kampani yaing'ono ija ya Malawi Press inakula n'kukhala Press Holdings, yokhala ndi minda ya fodya, masitolo a PTC ndi magawo m'makampani ena ambiri. Ndi ochepa amene amadziwa kuti dzina la Press Corporation linachokera ku makina osindikizira Malawi News. Pamene chuma chimenechi chinkakula, ufulu wa olemba unkacheperachepera. M'chaka cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku, magazini, nyimbo ndi zisudzo. Chaka chomwecho Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Nyuzipepala ya Azungu ija inagulidwa ndi Dr. Banda n'kukhala Daily Times, kotero kuti dziko lonse linatsala ndi wailesi imodzi ndi nyuzipepala zikuluzikulu ziwiri, zonse zoyamba ndi nkhani ya Ngwazi pa tsamba loyamba.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene chinagwetsa a Aleke koyamba chinali nkhani ya m'nyuzipepala. M'chaka cha 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia inalemba kuti iwo ndiwo ankaoneka kuti adzalowa m'malo mwa Dr. Banda. M'Malawi wa masiku amenewo, pamene Dr. Banda anali atakhala Pulezidenti wamuyaya wa dziko lonse kuyambira 1971, kungoganizira za womulowa m'malo kunali mlandu. A Aleke anachotsedwa pa unduna ndi m'chipani, nauzidwa kuti akakhale kumudzi kwawo ku Tukombo. Chaka chomwecho atolankhani angapo anatsekeredwa chifukwa cha nkhani ya kumenyana kwa asilikali cha kumalire a Mozambique, ndipo lamulo linakhwimitsidwa kuti wotumiza kunja nkhani imene boma lati ndi yonama ndi yoipitsa dziko akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse.

A Aleke anakhululukidwa pasanapite nthawi yaitali, napatsidwa udindo woyendetsa Press Holdings. Koma kumayambiriro kwa 1980 anachotsedwanso, ndipo ulendo uno anatengedwa kupita kundende. Olemba mbiri ambiri amati chifukwa chake chinali chakuti anadandaula za ndalama zimene mwini kampaniyo ankatapa pamene kampaniyo inali m'ngongole. Sanazengedwe mlandu m'bwalo lililonse. Anakhala zaka zambiri kundende ya Mikuyu kufupi ndi Zomba, kumenenso mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987, ndipo pambuyo pake anasamutsidwira ku Mpyupyu. Bungwe la Amnesty International linkatchula dzina lawo kunja, koma m'nyuzipepala za m'dziko muno, kuphatikizapo imene anaiyambitsa okha ndi sitensulo ija, dzinalo linangozimirira. Nyuzipepala yoti ifunse kuti munthuyu walakwa chiyani panalibe. M'zaka zomwezi, mu Okutobala 1989, mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene ankalemba zotsutsa boma la Malawi ali ku Lusaka, anafa pamodzi ndi ambiri a banja lake nyumba yawo itaponyeredwa bomba la moto.

Mphepo inasintha m'chaka cha 1992. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi kwa ufulu wolankhula. Mu Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu Meyi mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo lina mpaka ufulu wa anthu utalemekezedwa. Mu Julayi a Aleke anamasulidwa, ali ndi zaka 52. A Orton Chirwa sanachite mwayi wotere: anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala chaka chomwecho. Masiku amenewo nkhani zinkayendanso monga zinkayendera mu 1959, pa timapepala tochulukitsidwa mobisa ndi kupatsirana m'manja, kungoti tsopano makina ake anali a fotokope ndi fakisi.

A Aleke analowa gulu la United Democratic Front nakhala wachiwiri kwa a Muluzi. Pa riferendamu ya pa 14 Juni, 1993, anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 26 Julayi chaka chomwecho The Nation inatuluka koyamba. Siinali yokha. Nyuzipepala zinaphuka ngati bowa wa m'dzinja: Financial Post, The Independent, Michiru Sun, New Express, The Monitor, The Democrat ndi zina zambiri, moti pa misewu ya Blantyre anyamata ogulitsa ankasowa pozigwira. Zambiri mwa izo zinafa m'zaka zochepa. Zina zinalibe ndalama zolipirira osindikiza, zina zinangobadwira kutukwana chipani china, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi, 1994, chitapita zinasowa chonena. The Nation, imene inayamba n'kutuluka kawiri pa sabata, inakhala ya tsiku ndi tsiku m'chaka cha 1994, ndipo inayendetsedwa ngati bizinesi ya banja, mwana wawo Mbumba ali patsogolo pa ntchitoyo.

Kodi nyuzipepala yachiwiriyi inali yomasuka kuposa yoyamba? Funsoli ndi loyenera, pakuti mwini wake anali nduna ya zachuma kuyambira 1994 mpaka 1997, kenakanso nduna ya zaulimi ndi ya zaumoyo, ndipo owerenga ena ankaikayikira kuti imakomera boma la UDF. Kukayika kumeneko kunali ndi maziko. N'kovuta kuti mtolankhani afufuze unduna wa munthu amene amamulipira. Komabe kusiyana kunalipo, ndipo sikunali kochepa. The Nation sinali ya chipani, sinkamwazidwa ndi nthambi za chipani, ndipo moyo wake unadalira owerenga ndi otsatsa malonda, amene akanatha kuisiya n'kugula ina. Malamulo atsopano a dziko, mu gawo 36, anatsimikizira ufulu wa atolankhani. Mwini wake atachoka mu UDF m'chaka cha 2003, a Muluzi atasankha a Bingu wa Mutharika kukhala wodzaimira chipani, nyuzipepalayo sinagwe naye. A Aleke anatsogolera chipani cha People's Progressive Movement, naima ngati wotsatira wa a Gwanda Chakuamba pa chisankho cha 2004. Awiriwa sanapambane, koma a Aleke anasankhidwa kukhala phungu wa kummwera kwa Nkhata Bay, dera la kwawo ku Tukombo.

Chakumayambiriro kwa 2010, boma la a Mutharika linalamula maofesi ake kuti aleke kutsatsa malonda mu The Nation chifukwa chosakondwa ndi nkhani zake. Pa nthawiyo n'kuti a Aleke atapuma pa ndale ndipo akudwala matenda a khansa. Anamwalira pa 9 Epulo, 2010, ali kuchipatala ku South Africa, ali ndi zaka 70. Malawi News, imene inalowa m'manja mwa kampani ya Blantyre Newspapers ndipo siilinso ya chipani, imatuluka Loweruka lililonse. Tsiku lomwelo kampani ya Nation imatulutsa Weekend Nation, ndipo ogulitsa a pa Nkhotakota boma amaziyala ziwirizi pamodzi, kulimbirana ogula.